Foni Yoimika Inaona Zione Yekha

Kalata ya okonza mpikisano wa makwaya ku Nsaru inanena zinthu ziwiri zokha, zoti ngakhale mwana wa sitandade 3 akanazimva. Kwaya iliyonse itumize kanema wa nyimbo imodzi Lachisanu lisanathe. Pojambula, foni igonekedwe chopingasa kuti oimba onse aoneke, kuyambira wa kumanja mpaka wa kumanzere. Trust, mphunzitsi wa pa pulayimale amene ankatsogolera kwaya ya achinyamata ya kwa Kaphande, anaiwerenga kalatayo katatu m'tchalitchi ngati anailemba ndi iye.

Vuto linali foni. Ya Trust inali ndi mng'alu pa kadiso kake, moti aliyense amene yamujambula ankaoneka ngati waima kuseri kwa utsi. Apa m'pamene Zione, mmodzi wa oimba m'kwayamo, ananena, maso ali pansi, kuti amamva zoti pa Nambuma pali mnyamata wina wokonza mafoni, dzina lake Damiano, amene amajambula bwino maukwati. Anati amangomva. Chikhalirecho munthuyo anali naye pa chibwenzi miyezi isanu ndi itatu, ndipo ankadziwa ngakhale chipsera cha pa chigongono chake.

Kubisako kunali ndi chifukwa. Damiano anali Mkatolika, pomwe Zione anali mwana wa a Chikoti, mkulu wa mpingo wa Chipresibiteriyani amene ananena kale poyera kuti mwana wawo sadzawolokera kwa Aroma iwo ali moyo. Komanso a Chikoti anali ndi wawo wapamtima. Trust akafika pakhomo ankamutulutsira mpando wa ndalema, pomwe alendo ena ankakhala pa benchi.

Loweruka Damiano anabwera pa njinga yake, anajambula, anasiya kakhadi kosungira kanemayo n'kubwerera. Sanapatsane moni ndi Zione. Onse awiri anadziona ochenjera kwambiri tsiku limenelo.

*

Lamulungu mapemphero atatha, palibe amene anathamangira kwawo. Wailesi yakanema ya kwa Trust inaikidwa pa tebulo la kutsogolo, batire la sola lili pansi pake. Amayi a Chigwirizano anadzaza mabenchi oyambirira, aliyense atakonzeka kuloza mwana wake. Akuluampingo anakhala chapambali, a Chikoti ali pakati pawo, Baibulo lili pamwendo.

Kanema anayamba. Kumanja kwa galasi kunali bii, kumanzere bii. Pakati pokha m'pamene panali kamzere kowala, kopapatiza ngati chitseko cha bafa, ndipo m'kamzeremo munali Zione. Pamwamba pake malata a tchalitchi, pansi nsapato zake zoyera, pakati iyeyo wathunthu, kukamwa yasa akuimba. Damiano anali ataimika foni.

Anthu anadikira kuti mwina isuntha. Kusuntha inasunthadi. Kwaya ikapendekera kumanja, foni inkamutsata Zione kumanja. Ikabwerera kumanzere, nayonso yabwerera. Mwa oimba makumi atatu ndi awiri, zina zimene zinaonekako zinali phewa la Phyllis, msuweni wake wa Zione, ndi dzanja la Trust limene linkalowa n'kutuluka ngati la munthu wopirikitsa nkhuku pa mphale.

Mayi wina anafunsa mokweza kuti nanga wake ali pati. Wina anamuyankha kuti amvetsere bwino, mwina amumva kutsokomola. Kuseka kunayambira kumbuyo kwa anyamata, kunadutsa mabenchi onse mpaka kunafika kwa amayi a Chigwirizano, amene anayesa kukubisa m'zitenje koma kunakana. Mayi wina wachikulire ndi amene anamaliza zonse ponena kuti mnyamata uja sanabwerere kwaya, anabwerera zake zina.

A Chikoti sanaseke. Anaonera mphindi zonse zisanu ndi imodzi osaphethira, ndipo kanemayo atatha anatenga chipewa chawo n'kutuluka osatsanzika munthu. Zione anakhala pomwepo, makutu akutentha, manyazi atamugwira mpaka kusowa poika nkhope. Foni yake inanjenjemera m'kachikwama. Unali uthenga wa Damiano: "Waonera? Unawala mayi." Akanakhala pafupi akanamugenda nayo foniyo.

*

Lolemba m'mawa anauza amayi ake kuti akukagula mafuta a tsitsi pa Nambuma. Amayiwo anamuyang'ana tsitsi, anamuyang'ana nkhope, n'kungomuuza kuti asachedwe.

Anamupeza Damiano pakhonde la kashopu kake. Mnyamatayo anaimirira akumwetulira, koma kumwetulirako kunafera panjira ataona mmene Zione anayendera. Anatsogozana mpaka kuseri kwa chigayo, pa mtengo wa mango pamene ankakumanira masiku onse.

"Kodi kalata ija sunaimve?"

"Ndinaimva."

"Nanga?"

Damiano anafotokoza, ndipo chimene chinamupsetsa mtima kwambiri Zione n'choti anafotokoza osachita manyazi. Anati poyamba, asanayambe kujambula, anaigonekadi foniyo monga anamuuzira. Atayang'ana pagalasi anangoona anthu atandandalika m'mizere itatu, timitu tating'onoting'ono, nkhope ya Zione yosafika ndi pa njere ya chimanga. Ndiye anati aiimike pang'ono, atenge kachidutswa kake koti azikaonera yekha, kenako agonekenso. Nyimbo inafika poti Zione aimbe yekha, ndipo dzanja linakana kutembenuka.

Zione anafunsa chifukwa chimene sananenere kuti abwereze. Apa Damiano anayang'ana kumbali. Anati ankafuna kunena, koma Trust anamufika ndi mawu akuti, iwe wa kwa Aroma wamaliza kodi, tikufuna kutseka tchalitchi. Mawu amenewo ndi amene anamuumitsa khosi. Anachotsa kakhadiko n'kupereka.

"Ndiye unkadziwa zimene zili mmenemo."

"Ndinkadziwa. Ndipo pobwerera ndinati zidziwike basi." Anamuyang'ana m'maso. "Zione, ndakupempha katatu kuti atsibweni anga akaonekere kwa atsibweni ako. Unati tidikire tikolole. Takolola. Unati fodya agulitsidwe kaye. Wagulitsidwa. Tsopano tikudikira chiyani? Ndatopa kupatsana moni ngati anthu akuba mbuzi."

Mawuwo anali oona, n'chifukwa chake anamuwawa. Koma Zione anali ndi ake oona.

"Ndiye unaona kuti undiyankhulire ndi foni, eti? Pagalasi paja panaoneka ndani? Iwe unali kuseri kwa foni, palibe anakuona. Amene anthu amuseka ndine. Amene ababa sanamuyankhule chichokereni ku tchalitchi ndine. Iwe wagona tulo, wadzuka, watsegula shopu."

Damiano anayesa kumugwira dzanja. Zione analichotsa, ndipo pamene anayankhulanso anamupatsa ulemu umene sanamupatsepo chiyambire chibwenzi chawo, ulemu wozizira wopatsa mlendo.

"Munaziyamba nokha, achimwene, muzimalize nokha. Dzina langa mulichotse m'kamwa mwa anthu mmene munaliikiramo."

Anachoka osacheuka. Mafuta a tsitsi anaiwala kugula, ndipo amayi ake sanafunse.

*

A Chikoti anatsegula pakamwa Lachiwiri masana. Anali pakhonde akusenda mtedza wa mbewu, ndipo mpando wa ndalema unali utatuluka kale, Trust atakhalapo, buluku lake litasitidwa mpaka kuthwa. Zione anaitanidwa. Anagwada chapatali.

Bambo ake anamufunsa funso limodzi, ngati amamudziwa mnyamata wa mafoni uja. Zione anati amamudziwa monga wokonza mafoni. Anamva yekha kuti mawuwo atuluka opanda mafupa.

A Chikoti sanali munthu wokalipa. Ankayankhula motsitsa, akusenda mtedza, ndipo kumeneko n'kumene kunkaopsa. Anati dzina la banja lawo lakhala mu mpingo umenewu kuyambira tchalitchi chili chaudzu, ndipo sanamvepo likusekedwa mpaka Lamulungu lapitali. Anati Lachinayi kwaya ijambulanso. Isanayambe kuimba, Zione adzaimirira pamaso pa anzake ndi akuluampingo n'kunena kuti pakati pa iye ndi mnyamatayo palibe kanthu. Akatero, nkhani yatha. Akapanda kutero, m'kwaya atuluka, ndipo nkhani yake ikalowa ku sesoni, bwalo la akulu a mpingo.

Zione ankaimba m'kwayamo kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Sankadziwa kuti Lamulungu limakhala lotani munthu ukakhala pa benchi n'kumaonera ena akuimba.

Trust anakonza kukhosi n'kuthirapo zake. Anati iye sakumuweruza Zione ngakhale pang'ono, pakuti anyamata a pa malo ochitira malonda ndi otero, amaona mtsikana wa ulemu wake n'kuyamba kulota masana. Anati iye aima naye. Anawonjezera, akupukuta fumbi pa nsapato, kuti munthu akakhala ndi mwamuna wodziwika nkhani zoterezi sizimufika, ndipo atsibweni ake a iyeyo ndi okonzeka tsiku lililonse.

Zione sankadana naye Trust chifukwa choipa mtima ayi. Ankatopa naye basi. Anali munthu woti ngakhale akufunsira ankayankhula ngati akukonza zolakwa m'kope, ndipo chaka chonse chimene anamuzungulira sanamufunsepo n'kamodzi komwe chimene iye Zione amafuna. Anamuthokoza mphunzitsiyo chifukwa cha chifundo chake, anatenga lichero la makoko n'kulowa kuseri.

*

Amene sanagone nayo nkhaniyi anali Phyllis. Mtsikanayo anali atapita mpaka ku Nsaru kukamangitsa tsitsi chifukwa cha kanemayo, n'kukhala tsiku lonse mutu ukukokedwa, ndiye pamapeto pake kuoneka phewa. Pamwamba pa izo, Phyllis ankamufuna Trust, ndipo Trust ankamudutsa ndi maso kuti aone Zione. Anatenga kanemayo kwa Trust n'kumuika pa sitetasi ya watsapu, pansi pake atalemba kuti: kwaya ya munthu mmodzi.

Pofika Lachitatu kanemayo anali atafika mpaka ku Kabudula. Koma Phyllis anaiwala kanthu kamodzi. Kanema amene anachititsa manyazi pa wailesi yakanema ya m'tchalitchi, pa foni ya m'manja anakwana ndendende. Panalibe mdima kumanja kapena kumanzere. Anthu amene anafuna kuseka anapezeka akuonera mpaka kumapeto, ndipo ena anayamba kufunsa kuti mtsikanayu ngwa kwa yani.

Phyllis ndi Zione anakumana pa mjigo m'mawa umenewo. Amayi amene anali pa mzere anasiya nkhani zawo, ndowa zikusefukira osaziona. Phyllis anatulutsa foni m'chitenje n'kumuika Zione m'manja.

"Ndamva mawa ukukakana. Taonera pa mphindi yachinayi, asisi, kuti ukakane bwino."

Zione anafuna kuibweza, koma maso a anthu anali pa iye, ndipo sanafune kuti aziti wathawa. Anaonera. Lamulungu lija anangoona chiyambi, kenako anazolika mpaka kumapeto, ndiye aka kanali koyamba kuti adzione bwinobwino. Anadzaza galasi lonse. Kuwala kwa pa zenera kunamugwera pa tsaya, mtsempha wa pakhosi ukuoneka akakweza mawu. Chithunzicho sichinagwedezeke ngakhale pang'ono. Munthu amene anagwira foniyo anaigwira ngati wanyamula dzira.

Mphindi yachinayi inafika. Zione wa m'kanemayo anachotsa maso pa dzanja la Trust, anayang'ana mu foni mwenimweni, n'kumwetulira. Sikunali kumwetulira kopatsa wokonza mafoni. Mayi aliyense pa mjigopo, ngakhale amene anakwatiwa kalekale, ankakudziwa kumwetulira kumeneko.

Phyllis anadikira misozi. Zione anamubwezera foni n'kumupempha kuti amutumizire kanemayo, popeza iye analibe. Anasenza ndowa yake n'kumapita, ndipo Phyllis anatsala kukamwa kuli pululu.

Masana anakamuoneranso ku dimba, yekha, atakhala pa mzere wa mpiru. Anamuonera kanayi. Mkwiyo unalipobe, pakuti zimene anachita Damiano zinali zopanda nzeru ndipo sanamupemphe. Koma pansi pa mkwiyowo panali china chimene sanathenso kuchinamiza. Ankamukonda mnyamatayo, ankamukonda kwambiri, ndipo miyezi yonseyi anamubisa ngati chilonda chifukwa cha mantha. Foni sinapeke kanthu. Inangoonetsa zimene iye mwini anachita ndi nkhope yake.

Analemba uthenga katatu, katatu konse anafufuta. Anati amusiye kaye, alawe nayenso kusowa mtendere mpaka mawa. Kunyada kumeneko kunamudyera tsiku lathunthu.

*

Lachinayi masana tchalitchi chinadzaza ngati kuli ukwati. Anthu amene sanabwerepo ku mapemphero a pakati pa sabata chaka chonse anapezeka kuti ali ndi njala ya nyimbo.

Trust anali atabwereka foni ya ahedi. Anaika mpando pamwamba pa tebulo, pampandopo mabuku a nyimbo, ndipo foniyo anaigoneka chopingasa n'kuitchinjiriza ndi mabuku ena awiri kuti ingayerekeze kuimirira yokha. Anasinthanso malo a oimba. Zione anamuika mzere wakumbuyo, kumapeto kwenikweni, kuseri kwa Mike amene anali wamtali kuposa onse. Mbali yoimba yekha anaipereka kwa Phyllis. Ameneyo ndiye Trust amene anati aima naye Zione.

A Chikoti anaimirira, ndipo nkhope yawo inali yomasuka kusiyana ndi masiku onse a sabatayo. Anati akuthokoza Mulungu kuti nkhaniyi yapepuka. Dzulo m'mawa, akulu atatu ali m'kachipinda ka kuseri, mnyamata wa mafoni uja adabwera yekha, osaitanidwa. Adagwada. Adanena kuti Zione sakumudziwa kupitirira moni, kuti misala idali yake yekha, ndipo pakati pawo palibe kanthu. Adapepesa mpingo. Adagwira Baibulo ndi dzanja lake n'kulonjeza kuti sadzamuyankhulanso mwana wawo.

"Ndiye mwana wanga sativutitsa ndi mawu ambiri," anatero a Chikoti. "Zione, tangovomereza kuti n'zoona, anzako aimbe."

Zione anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira m'msana. Dzulo m'mawa. Pamene iye anali pa mjigo kuonera kumwetulira kwake, Damiano anali atagwada kuseri kwa khoma ili akumukana. Anachita zimene iye anamutuma, ndipo anazichita bwino kwambiri moti panalibe chotsala. Mnyamata wouma khosi uja, amene sanathe kupirira mawu amodzi a Trust, anagwada pamaso pa akulu a mpingo wa eni n'kudzitcha wamisala. Zinamuwawa Zione kuti wakanidwa, ndipo zinamuwawa koposa kuti anapempha yekha.

Njira inali yotseguka. Mawu awiri okha, n'zoona ababa, ndiye kuti kwaya ndi yake, ulemu wa bambo ake wabwerera, Lamulungu anthu apeza china choseka. Mphepo ya Ogasiti inkagwedeza lata lomasuka padenga.

Anatuluka kuseri kwa Mike. Anadutsa mzere wachiwiri, anadutsa woyamba, n'kukaima pakati, patsogolo pa onse. Anagwada monga mwana woleredwa, koma mutu sanaweramitse.

"Ababa, mnyamatayo wakunamizani."

Wina kumbuyo anagwetsa buku la nyimbo.

"Ndili naye pa chibwenzi kuyambira Disembala. Amene ndinamutchula kuti abwere kuno ndine. Amene ndinamuyang'ana mu foni muja ndine, ndipo amene mwaonera mwaona. Dzulo wanama chifukwa ndinamukalipira, amafuna kunditeteza. Ine sindinama m'nyumba muno."

"Zione," anatero a Chikoti motsitsa, "ganiza bwino."

"Ndaganiza miyezi isanu ndi itatu, ababa. Ndi Mkatolika, ndikudziwa. Ndimamukonda."

Mawu amenewo anali asanamvekepo m'tchalitchi cha kwa Kaphande kuchokera pakamwa pa mtsikana, bambo ake ali pomwepo. Amayi ena anagwira pakamwa, ena anayang'ana pansi, ndipo mmodzi kapena awiri ankaoneka kuti akulimbana ndi kumwetulira. Amayi ake a Zione anakhala chowongoka, maso ali pa mwana wawo.

Trust ndi amene anayamba kupeza mawu. Anati malamulo a kwaya ndi odziwika, ndipo anatambasula dzanja kuti alandire mpango wobiriwira umene oimba onse ankavala pakhosi. Zione anaumasula, anaupinda bwinobwino, koma sanamupatse. Anauika pa benchi.

"Muigoneke bwino foniyo, aphunzitsi, onse aoneke," anatero. "Kumene munandiika kuja palibe adzadziwe kuti pachoka munthu."

A Chikoti anali atakhala pansi. Kwa nthawi yoyamba anaoneka okalamba, ndipo zimenezo zinamulasa Zione kuposa mawu alionse. Ananena kuti sesoni ikhala Loweruka. Kenako, osamuyang'ana, anawonjezera kuti munthu amene akumuferayo wamukana pamaso pa akulu atatu, ndipo lonjezo la pa Baibulo silibwezedwa ngati mchere wobwereka.

*

Kunja dzuwa linali likadali pamwamba. Zione anayenda mpaka pa msewu wafumbi wopita ku Nambuma. Kumbuyo kwake kwaya inayamba nyimbo ija. Atafika pa mbali yake, mawu a Phyllis ndi amene anakwera, ndipo anaimba bwino ndithu. Zione analira pamenepo, pang'ono, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje.

Anaimbira Damiano. Foni inaitana kawiri n'kudulidwa. Anaimbanso, inadulidwanso. Kachitatu inangoitana mpaka kutopa. Kenako uthenga unalowa.

"Ndachita zimene unanena. Dzina lako layera. Ndinalonjeza bambo ako nditagwira Baibulo, ndiye usandiimbirenso Zione, chonde. Zikundiwawa kale."

Anauwerenga kawiri. Damiano sankadziwa kanthu. Anali pa Nambuma akudziyesa kuti wapulumutsa munthu, pomwe munthuyo anali atangotaya kwaya, ulemu wa bambo ake ndi malo ake mu mpingo chifukwa cha iye. Ndipo Zione ankamudziwa bwino. Khosi lomwelo limene linakana kugoneka foni likanathanso kukana kuthyola lonjezo, ngakhale lonjezolo likumupha.

Anayamba kulemba yankho, koma anaona kuti nkhani iyi si ya pa foni. Mafoni anali atawayankhulira mokwanira. Njinga yamoto ya kabaza inatulukira pa kona ikubwera ndi fumbi lake, ndipo Zione anaikwezera dzanja.

"Zione."

Anacheuka. A Chikoti anali atatuluka m'tchalitchi opanda chipewa, ataima m'mphepete mwa msewu. Sanakuwe. Anayankhula ndi mawu awo omwe aja a pakhonde.

"Ukakwera njingayo, pakhomo panga usadzapondepo."

Wa kabaza anayang'ana bambowo, anayang'ana mtsikanayo, n'kufunsa ngati adikire kapena azipita. Zione anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti sanenapo mawu n'kuwabweza. Kutsogolo kunali munthu amene mwina sakatsegula n'komwe pakamwa. Kumbuyo kunali nyumba imene anabadwiramo.

"Polonjezapo ine panalibe, ababa," anatero. "Ndikufuna akandikane ndili pomwepo."

Anakonza chitenje, anakwera chammbali n'kugwira chitsulo cha kumbuyo.

"Pa Nambuma, achimwene. Tiyeni."